Kodi ku Jamaica n'kopitako ife, kapena tikaphedwako?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene ndi namwino ku Leeds. Ndaifupikitsa pang'ono:

"Chaka chamawa tikwanitsa zaka 15 tili m'banja. Bambo a kunyumba amakonda reggae kuyambira ali mnyamata ku Ndirande, ndiye ndikufuna ndiwatengere ku Jamaica. Koma aliyense amene ndamuuza wandigwetsa mphwayi. Apongozi ku Blantyre akuti tikaphedwa ndi zigawenga. Anzanga kuntchito akuti tikapita tisakatuluke pa geti ya hotela. Achimwene akungoseka, akuti kumeneko aliyense ndi Rasta ndipo tikabwerako titaledzera ndi utsi wa chamba. Ndapeza matikiti otsika mtengo a mu Sepitembala odzera ku Miami, ndipo m'masiku khumi a ulendowu ndikufuna tikaonenso Barbados ndi Cuba poti n'zilumba zoyandikana. Tonse tili ndi mapasipoti a Malawi. Ndithandizeni."

Amayi, mtima pansi. Ulendowu ndi wotheka, ndipo ndi mphatso yabwino kwambiri kwa bambowo. Ndakhala ndikukonzera anthu maulendo a ku Caribbean kwa zaka zoposa khumi, ndipo ku Jamaica ndapitako ndekha kangapo. Chimene ndaona n'chakuti anthu amaopa zinthu zimene sizigwera alendo kawirikawiri, koma zimene zimawonongadi ulendo saziganizira n'komwe. M'kalata yanuyi chimene chandidetsa nkhawa ndi tikiti ija, kuposa zigawenga za apongozi.

Musailipire tikitiyo. Ku America kulibe zongodutsa pabwalo la ndege ngati mmene timachitira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi. Aliyense wotsika ndege ku Miami, ngakhale akungosintha ndege kwa maola awiri, amadutsa kwa a imigireshoni ngati wolowa m'dzikomo, ndipo wokhala ndi pasipoti ya Malawi amafunika viza ya America. Chilolezo chanu chokhalira ku Britain sichithandiza pamenepa. Anzanu a mapasipoti a Britain amangodzaza pa intaneti fomu ya ESTA, chilolezo cholowera ku America popanda viza, n'chifukwa chake sangakuchenjezeni: iwo vutoli sakumana nalo. Ndipo viza ya America kwa Amalawi yavuta kwambiri. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kulamula Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza yokacheza kuti azipereka chikole chofika mpaka madola 15,000. Ndinaonapo banja lina likubwezedwa pa kauntala pabwalo la ndege, masutikesi ali m'manja, ana akulira, chifukwa cha tikiti ngati yanuyi imene anagula okha pa intaneti. Ndalama sizinabwerere. Chimodzimodzi matikiti odzera ku Toronto, komanso sitima zikuluzikulu za alendo zija zimene zambiri zimanyamukira ku Miami ndi ku Fort Lauderdale.

Funani ndege yochoka ku Britain n'kukatera ku Jamaica osaima pena, ulendo wa maola pafupifupi khumi. Mabwalo akuluakulu ndi awiri: Sangster ku Montego Bay ndi Norman Manley ku Kingston. Nzika za mayiko ambiri a Commonwealth, kuphatikizapo Malawi, zakhala zikulowa ku Jamaica popanda viza, koma malamulo otere amasintha, choncho tsimikizirani ku ofesi ya kazembe wa Jamaica ku London musanalipire kalikonse. Musananyamuke mudzadzaze pa intaneti fomu ya C5, yomwe ndi ya a imigireshoni ndi a kasitomu a ku Jamaica. Ndi yaulere pa webusaiti ya boma la Jamaica, ndipo mukaona pena akulipiritsa, dziwani kuti mwasochera. Onetsetsaninso kuti eVisa yanu, chilolezo chanu chokhalira ku Britain cha pa intaneti, yalumikizidwa ku pasipoti imene mukuyendera, poti pobwerera adzaifuna. Kwa owerenga amene angayambire ulendo kumudzi, pali zina ziwiri: pasipoti ya Malawi imafuna viza yodutsira ngakhale pongosintha ndege ku London, ndipo wodzera ku Ethiopia kapena ku Kenya ayende ndi khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever.

Tsopano za Barbados ndi Cuba. Pa mapu zilumbazi zimaoneka ngati mikanda pa ulusi umodzi, munthu n'kumaganiza kuti azingolumpha pa boti ngati kuchoka ku Likoma kupita ku Chizumulu. Ayi ndithu. Kuchoka ku Kingston kukafika ku Barbados ndi makilomita pafupifupi 1,900, kutali kuposa kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg, ndipo matikiti a ndege za pakati pa zilumba ndi okwera mtengo modabwitsa. Cuba ili pafupi, koma ndi dziko lalikulu pafupifupi ngati Malawi yense, amalankhula Chisipanishi, ndipo ili ndi malamulo akeake olowera. Caribbean si dziko limodzi. Ku Martinique ndi ku Guadeloupe ndi mbali ya France, ku Puerto Rico ndi m'manja mwa America, ku Aruba ndi ku Curaçao ndi za ufumu wa Netherlands, ndipo kulikonse viza ndi ina. Masiku khumi ndi a chilumba chimodzi.

Ndipo Jamaica yokhayo sikuchepa. Ndi makilomita 235 m'litali, kukula kwake kumangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a Nyanja ya Malawi, koma ndi dziko la mapiri okhaokha, misewu yokhotakhota, moti ulendo umene pa foni ukuoneka wa ola limodzi umatha maola awiri. Nsonga ya Blue Mountain ndi mamita 2,256, ndipo kumtundako usiku kumazizira ngati pa Zomba kapena ku Dedza. Juzi mutenge.

Za Sepitembala, tikitiyo yatchipa pa chifukwa. Nyengo ya anamondwe kumeneko imayamba pa 1 Juni mpaka pa 30 Novembala, ndipo imafika pachimake kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Pano pali maganizo olakwika awiri. Ena amati miyezi yonseyi kumangogwa chimvula osalekeza, pomwe zoona zake masiku ambiri kumacha bwino, mvula n'kugwa masana kwa kanthawi, dzuwa n'kuwalanso. Ena amati za anamondwe n'zongoopseza. Ife amene tinaona zimene Freddy anachita ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023 sitinganene zimenezo. Akuluakulu a ku Jamaica mpaka lero amasimba za Gilbert wa mu Sepitembala 1988. Beryl anakwapula gombe la kummwera mu Julayi 2024. Ndipo pa 28 Okutobala 2025 Melissa anafika ndi mphamvu ya gulu lachisanu, lomwe ndi lapamwamba kwambiri, n'kusakaza chigawo cha kumadzulo, makamaka Westmoreland ndi St Elizabeth, tauni ya Black River n'kutsala bwinja. Malo alionse amene mukufuna kukagona kumadzulo ndi kummwera, alembereni kaye muwafunse mmene zinthu zilili panopa, osangodalira zithunzi za pa intaneti zimene mwina zinajambulidwa kale.

Nyengo yabwino kwambiri ndi kuyambira pakati pa Disembala mpaka pakati pa Epulo, koma ndiyonso yodula. Ine anthu anga ambiri ndimawalangiza kumapeto kwa Epulo ndi Meyi, kapena kumayambiriro kwa Disembala, pamene mitengo yatsika koma chiopsezo n'chochepa. Ngati tchuthi cha kuntchito chikukukakamizani Sepitembala yemweyo, gulani ulendo wa pamodzi, ndege ndi malo ogona, wotetezedwa ndi ATOL (ndondomeko ya ku Britain yoteteza ndalama zanu kampani ya maulendo ikagwa), ndipo inshuwalansi muigule tsiku lomwelo. Namondwe akangopatsidwa dzina, makampani ambiri sateteza munthu amene wagula inshuwalansi pambuyo pake.

Tibwere kwa apongozi. Musawatsutse mwachipongwe, chifukwa mantha awo ali ndi pochokera. Kwa zaka zambiri Jamaica, dziko la anthu pafupifupi 2.8 miliyoni, lakhala likutaya anthu oposa 1,000 pa chaka ophedwa mwaupandu, ngakhale kuti mu 2025 chiwerengerochi chinatsika kwambiri. Boma lakhala likulengeza malamulo a nthawi ya ngozi m'madera ena, kuphatikizapo St James kumene kuli Montego Bay. Koma funso n'lakuti akuphana ndani, ndipo kuti? Zambiri ndi nkhondo za magulu a zigawenga, m'madera odziwika: mbali zina za kumadzulo kwa Kingston, Spanish Town, ndi makomboni ena a Montego Bay monga Flankers ndi Norwood. Mlendo alibe chokachita kumeneko, pokhapokha atapita ndi munthu wa komweko. Zimene zimagwera alendo kawirikawiri ndi kuberedwa foni kapena chikwama, kukwezeredwa mitengo, ndi kuvutitsidwa ndi ogulitsa malonda amene samva "ayi" woyamba. Palinso milandu ya kugwiriridwa kwa amayi imene yachitikapo ngakhale mkati mwa mahotela, ndipo ndikuitchula dala kuti mudziwe kuti mpanda wa hotela suchotsa kufunika kosamala: chakumwa chanu osachisiya chokha, chitseko muzikhoma.

Nzeru zimene mumayendera mu Limbe kapena mu Johannesburg ndi zomwezo. Usiku osayenda wapansi m'malo osawadziwa, ndolo ndi matcheni agolide zitsale ku Leeds, ndipo wina akakuopsezani ndi chida mupatseni zimene akufuna. Takisi yovomerezeka imakhala ndi nambala yofiira. Pakati pa matauni pali mabasi a Knutsford Express, abwino ndi osunga nthawi. Amayendetsa kumanzere ngati kwathu ndi ku Britain, koma madalaivala ena amathamanga moopsa m'makona a m'mapiri, ndipo kunena zoona ine msewu ndimauopa kuposa mfuti. Galimoto yobwereka usiku musayendetse. Ndipo lamulo limodzi losasintha: musanyamulire munthu aliyense katundu pobwerera, kaya akuti ndi khofi wa agogo ake a ku Birmingham. Ndege za ku Jamaica zimasechedwa kwambiri, ndipo inu muli ndi laisensi ya unamwino ndi chilolezo chokhalira zoti muteteze.

Achimwene anu nawo alakwa kawiri. Ma Rasta ku Jamaica ndi ochepa, pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse malinga ndi kalembera wa 2011. Dzikoli ndi la anthu opemphera kwambiri: Church of God, Seventh-day Adventist, Pentekoste, Baptist. Loweruka ndi Lamlungu mudzaona amayi atavala zipewa ndi madiresi osita bwino akupita kutchalitchi, mudzakumbuka kwathu. Chamba nachonso sichinaloledwe mwachisawawa. Lamulo la 2015 linangochepetsa chilango: wopezeka ndi chosapitirira magalamu 56 samangidwa, amalipitsidwa chindapusa chochepa, ndipo ma Rasta amaloledwa kuchigwiritsa ntchito pa chipembedzo chawo. Kusuta pagulu n'koletsedwa, kutuluka nacho m'dziko ndi mlandu waukulu. Adzakutsatsani kugombe, inde. Mukakana mwaulemu koma motsimikiza, amapita.

Bambo akonzekerenso mtima pa nkhani ya nyimbo. Zimene zimaphulika m'matakisi ndi m'mabala masiku ano ndi dancehall, yothamanga ndiponso nthawi zina ya mawu olaula, osati reggae yodekha imene anakulira. Koma imene akufunayo iliko, ndipo kwawo kwake ndi ku Kingston, mzinda umene alendo ambiri amaulambalala chifukwa cha mantha. Nyumba ya Bob Marley pa 56 Hope Road ndi malo osungirako mbiri yake, ndipo ku Trench Town kuli Culture Yard kumene mungapite masana ndi wokuperekezani. Manda ake ali ku Nine Mile, m'mapiri a St Ann kumene anabadwira. Munthu amene wakonda nyimbozi kuyambira ku Ndirande, kumufikitsa ku Jamaica n'kumutsekera pa dziwe losambira la hotela masiku khumi, kungakhale kumulakwira.

Apa ndiye pamene ndimasiyana kwambiri ndi anzanu akuntchito. Mahotela olipiriratu zonse, chakudya ndi zakumwa, ali ndi ubwino wake, ndipo kwa mayi wotopa ndi mashifiti a usiku, masiku anayi ongogona ndi kusambira ndi mankhwala. Sindikuwanyoza. Koma mkati mwa mpandawo mulibe Jamaica. Chakudya chake n'chophikira lilime la ku Ohio ndi ku Manchester, ndipo Mjamaika yekhayo amene mungacheze naye ndi amene akukupatsirani mbale. Chilumbachi ndi mudzi wa anthu, ali ndi masukulu, maliro, misika ndi ndale zawo, ndipo kwa ife ochokera ku Africa pali zambiri kunja kwa geti zimene zimakhudza mtima mwanjira imene mzungu sangaimve.

Pitani kumsika mukaone. Ndiwo zamasamba zimene amazitcha callaloo ndi bonongwe. Gungo peas ndi nandolo. Cho-cho ndi shushu. Chakumwa chofiira cha pa Khirisimasi chimene amati sorrel ndi chidede chathu chomwechi. Bammy ndi chikondamoyo cha chinangwa, ndipo tsabola wawo wa Scotch bonnet ndi m'bale wake wa kambuzi, fungo ndi ukali womwewo. Ali ndi turned cornmeal, ufa wa chimanga wovundulidwa ngati nsima koma wothira mkaka wa kokonati ndi zokometsera. Tsiku loyamba limene ndinaona mayi wina pamsika wa Port Antonio akusadzula bonongwe, ndinaima nthawi yaitali osalankhula. Anthuwa makolo awo anatengedwa ukapolo, ambiri kuchokera kumadzulo ndi pakati pa Africa, kudzalima nzimbe, ndipo patatha zaka mazana mphika wawo ukadali wofanana ndi wathu. Nyama yootcha ya jerk mukaidye ku Boston Bay m'chigawo cha Portland, kufupi ndi Port Antonio, kumene amaiwotcha pa nkhuni za pimento. Chakudya cha fuko ndi ackee ndi nsomba yamchere. Chenjezo limodzi: chipatso cha ackee chosapsa ndi poizoni, chimadyedwa chikadzitsekukira chokha pamtengo, choncho musathyole nokha, idyani chophikidwa ndi eni ake.

Pakati pa Montego Bay pali bwalo la Sam Sharpe, dikoni wa mpingo wa Baptist amene anatsogolera akapolo kuukira mu Disembala 1831 ndipo anapachikidwa pamalo omwewo mu 1832. Kuukirako kunafulumizitsa kutha kwa ukapolo, umene unathetsedwa mu 1834, ufulu wathunthu n'kubwera mu 1838. Mmalawi aliyense akaima pamenepo amakumbuka John Chilembwe: mtsogoleri wa Baptist, kuukira kolephera pa nkhondo koma kopambana m'mbiri, nkhope yake lero ili pa ndalama. M'mapiri muli midzi ya a Maroon, zidzukulu za akapolo amene anathawa n'kumenyana ndi Angerezi mpaka kuwakakamiza kusaina pangano mu 1739. Ku Moore Town amakumbukira mtsogoleri wawo wamkazi, Nanny. Zimenezi pa kabuku ka hotela simudzazipeza.

Musayembekezere kuti poti ndinu akuda ndiye kuti simudzaoneka alendo. Mukangotsegula pakamwa adzadziwa, ndipo mtengo wa mlendo udzakupezani. Ambiri amasangalala akamva kuti ndinu a ku Africa, ngakhale Malawi mudzachita kuwalozera pa mapu. Chingerezi amamva onse, koma pakati pawo amalankhula Patwa, ndipo masiku oyamba mudzangotolapo mawu amodziamodzi. Chimene chimatsegula zitseko ndi moni. Monga kwathu, kulowa m'sitolo kapena m'takisi osapereka moni ndi mwano. Madzulo akakuuzani kuti "good night" sakukutsanzikani, akukulonjerani. Ndipo musajambule munthu musanamupemphe.

China chimene chimadabwitsa ambiri ndi magombe. Si onse amene ndi a aliyense. Ku Barbados gombe lililonse ndi lotseguka kwa anthu onse, koma ku Jamaica lamulo la 1956, la nthawi ya atsamunda, silipatsa nzika ufulu wotero, moti magombe ambiri okongola ali kuseri kwa mipanda ya mahotela kapena ndi olipira pakhomo, ngati Doctor's Cave ku Montego Bay. Ndi nkhani yowawa kwa eni dziko, ndipo akulimbana nayo mpaka m'makhoti. Winnifred ku Portland ndi limodzi mwa amene anthu wamba anamenyera kuti likhale lotseguka, ndipo Lamlungu kumadzaza mabanja. Kuyambira 2011 kwabweranso vuto la udzu wa m'nyanja wotchedwa sargassum, umene miyezi yotentha umakocheza pa magombe ena mulu ndi mulu n'kumanunkha ngati mazira owola. Negril, poti inayang'ana kumadzulo, kawirikawiri imapulumuka.

Ndikanakhala ine, masiku khumiwo ndikanawagawa chonchi: atatu ku Kingston, m'nyumba ya alendo ya ku New Kingston, tsiku limodzi mwa amenewa kukwera ku Blue Mountains kukamwa khofi kumene amalimidwa, atatu ku Port Antonio, kobiriwira ndi kwabata, kuyenda pa chiphaka cha nsungwi mumtsinje wa Rio Grande, anayi omaliza kugombe la kumpoto kapena ku Negril, kupuma basi. Ndalama muzikhala nazo za mitundu iwiri. Madola a America amalandiridwa m'malo a alendo, koma kumsika ndi m'matakisi madola a Jamaica ndi amene amakupulumutsani ku mtengo wokwera. Mapulagi awo ndi a ku America ndipo magetsi ndi a mavoti 110, choncho adaputa musaiwale. Zovala za mawangamawanga ngati za asilikali zisiyeni, zilumba zingapo kumeneko zimaletsa anthu wamba kuvala zimenezo, ngakhale ana.

Za umoyo ndinu namwino, koma ndinenebe, poti ife okulira ku malungo timaganiza kuti udzudzu timaudziwa. Ku Jamaica malungo si vuto ngati kwathu. Vuto ndi dengue, komanso chikungunya ndi Zika zimene zinafalikira mu 2014 ndi 2016, ndipo udzudzu wake umaluma masana, pamene neti ili chopachika. Mafuta othamangitsa udzudzu muzidzola m'mawa ndi madzulo omwe. Ngati muli oyembekezera kapena mukuganiza zotenga pakati, kaonaneni ndi dokotala musanalipire ulendo, chifukwa cha Zika. Dzuwa nalo limawotcha khungu lakuda lomwe, makamaka munthu amene wakhala zaka zambiri ku Yorkshire. Khadi ya GHIC, imene okhala ku Britain amalandirira chithandizo cha chipatala akapita ku Ulaya, kumeneko sigwira ntchito, zipatala zolipira zimafuna ndalama kapena umboni wa inshuwalansi musanagonekedwe, ndipo wodwala kwambiri nthawi zina amachita kumunyamula pa ndege kupita kunja. Ngati bambo ali ndi BP kapena shuga, muwauze a inshuwalansi zoona zokhazokha, chifukwa matenda obisidwa ndiwo amene amakanira kulipira.

Kusanatsale milungu isanu ndi umodzi kuti munyamuke, kaonaneni ndi a kiliniki ya apaulendo, ndipo werengani malangizo a FCDO, unduna wa zakunja wa boma la Britain, okhudza Jamaica pamene mukugula tikiti komanso sabata yonyamuka, poti madera oyenera kupewa amasintha. Wina wa inu akatentha thupi ali komweko, kapena m'milungu iwiri mutabwerako, mutu ukuwawa kuseri kwa maso ndi mafupa akuphwanya, ikhoza kukhala dengue: amwe paracetamol yekha, osati ibuprofen kapena aspirin, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo akanene kumene wachokera.